Dzina pa Kaseti

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza pabwalo la tchalitchi ku Kabwazi, Misa ya Lamulungu itangotha. Apo n'kuti nditakhala pakhomo chaka chathunthu chilembereni mayeso a Fomu 4. Ndidakhoza ndithu, koma osati mokwanira kuti n'kupita ku koleji, ndipo bambo anga anali atatisiya kale, choncho panalibe wondiyendera m'maofesi. Pa zolengeza, akatekisiti adati kwabwera mayi wina wophunzitsa ku yunivesite, akufuna mtsikana wolemba bwino Chichewa ndi Chingerezi, wosaopa kuyenda wapansi. Amayi anga adandigunda ndi chigongono. "Selina, ukumva? Miyendo uli nayo, dzanja uli nalo. Pita."

Mayiyo anali Mayi Matemba, aafupi, ovala magalasi okhuthala ndi nsapato zachinsalu zofiira ndi dothi. Tidapita atsikana asanu. Za satifiketi sadafunse. Adaitana bambo wina amene ankagulitsa mapichesi pamsewu, nayamba kucheza naye za mitengo yake, ife n'kutiuza kuti tilembe zonse zimene bamboyo akunena. Anzanga adalemba Chichewa chosalala cha m'buku. Ine, chifukwa cha mantha, ndidangolemba mmene mawuwo ankatulukira, ndi "eee" yemwe, ndi pamene bamboyo adadzitsutsa yekha. Mayi Matemba atawerenga adati, "Inu simunamukonze. Mubwere Lolemba."

Lolembalo adandikhazika m'kachipinda kamene adabwereka kuseri kwa holo ya parishi, nandifotokozera ntchito. Adati timabuku ta ulimi timasindikizidwa tambirimbiri, koma palibe amene adafunsapo mlimi ngati timamuthandiza. "Ine ndikufuna kudziwa zinthu ziwiri," adatero. "Mlimi akaona chachilendo m'munda, nzeru amakazifuna kuti? Ndiye akazipeza, zimamulowa bwanji? Pakuti wina amagwira ndi khutu, wina mpaka aone ndi maso, wina mpaka akhudze ndi manja ake. Anthu sitiphunzira mofanana." Mawu oti kafukufuku ine ndinkangowamva pa wailesi. Tsiku limenelo ndidabwerera kunyumba ndikudziona kuti ndine munthu.

Zida zanga zinkakwana m'chikwama chimodzi chachinsalu. Munali makina ojambulira mawu, amene tinkangowatcha tepi, olowa mabatire anayi aakulu. Makaseti ojambula theka la ola mbali iliyonse. Mapepala a mafunso osindikiza pa sitensulo, onunkha inki. Kabolodi kopanirapo mapepalawo. Mapensulo, labala ndi lezala losongolera. M'thumba la m'kati munkakhala kalata ya chilolezo yodindidwa ku boma, pamodzi ndi khadi langa la chipani, pakuti masiku amenewo popanda khadi sunkalowa ngakhale mumsika.

Malamulo a Mayi Matemba anali ochepa, koma ankawabwereza m'mawa uliwonse ngati pemphero. Usanayatse tepi, umuonetse munthu, umuuze kuti ikumva. Mafunso akatha, uzimitse iye akuona. Akayamba za ndale, uzimitse pomwepo. Ndipo dzina la munthu lisalembedwe paliponse. "Pa kaseti ndi papepala mulembe nambala yokha. Dzina likhale m'mutu mwanu. M'mutu simulowa wosecha."

Tidasankha phunziro limodzi loyesera, la kasungidwe ka mbewu ya mbatata ya kachewere: kuti m'malo moiunjika pakona mumdima, uiyale pathandala m'nyumba yolowa kuwala ndi mphepo, kuti itulutse mphukira zazifupi zolimba. Alimi ena tinkawapatsa kapepala koti awerenge kapena wina awawerengere, ena tinkawaonetsa zithunzi, ena tinkangowafotokozera pakamwa, ndipo ena tinkamanga nawo thandalalo ndi nsungwi ndi luzi. Pakapita masabata awiri tinkabwerera kukaona zimene zatsala m'mutu. Kenaka pankabwera mafunso ena aja: mukaona chiwawu pamasamba, mumayamba kufunsa ndani? Akakuuzani, mumakhulupirira pomwepo, kapena mumakafunsanso pena?

Sabata yoyamba ndinkathamanga. Munthu akakhala chete kuganiza, ndinkamuthandiza: "Kapena mumafunsa alangizi?" Iye n'kuti, "Eya, alangizi." Mayi Matemba atamvetsera kaseti yotero adaizimitsa pakati. "Apa mwadzifunsa nokha, mwadziyankha nokha. Munthu akakhala chete, muziwerenga mpaka khumi mumtima. Kudikira nayonso ndi ntchito." Vuto lina linali mantha. Poona galimoto ndi mapepala, anthu ankayesa tatumidwa ndi boma, ndiye yankho linali limodzi pakhomo lililonse: zonse zili bwino, timamvera wailesi, timathokoza. Zidasintha anthu atazindikira kuti wonyamula chikwamayo ndi mwana wa malemu a Mbewe. Mayi Matemba adaziona zimenezo. "Anthuwa sakuyankha ine," adatero tsiku lina tikutsika chitunda. "Akuyankha bambo anu. Muzikumbukira."

Tinkayenda m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, m'tinjira ta otola nkhuni, m'mawa chifunga chisanachoke. Mayankho enieni atayamba kutuluka, ankandiseketsa ndi kundidabwitsa. Amayi ambiri ankati nzeru amazimva kuchigayo ali pamzere. Abambo ankati pamaliro, pokumba manda. Wina adati, "Kudambwe," nangotseka pakamwa, ife n'kudziwa kuti funso lathera pamenepo. Alangizi ankatchulidwa kumapeto. Mayi wina titamuonetsa zithunzi adangoti, "Zokongola," osatolapo kanthu. Koma mnzake amene tidamanga naye thandala tidakamupeza atamangira kale anansi atatu, atawonjezanso minga kumiyendo yake kuti makoswe asakwere. Mkulu wina titamufunsa za kapepala kathu adati kanali kabwino zedi, kosang'ambika msanga, adapichira fodya masiku anayi. Mayi Matemba adaseka mpaka misozi, kenaka adati, "Lembani. Limenelonso ndi yankho."

Masana ndinkakhala m'kachipinda kaja kumvetsera makaseti ndi kulemba zonse m'kope, liwu ndi liwu. Kaseti imodzi inkandidyera masana awiri. Pobweza kumbuyo ndinkalowetsa pensulo pakabowo n'kumazunguza ndi dzanja kuti mabatire asathe. Chimene chinkandivuta chinali manambala. Tsiku lina ndidasokoneza 14 ndi 41, mayankho a mayi wamasiye n'kuwaika papepala la bambo wamitala, ndipo ntchito ya masiku atatu ndidaibwereza. Kuyambira pamenepo ndidayamba kulemba dzina la munthu ndi mudzi wake pansi pa nambala pa kaseti, ndi pensulo, tizilembo tating'onoting'ono. Ndinkadziuza kuti ndidzafufuta ntchito ikatha. Mayi Matemba sindidawauze, ndipo iwo ndi maso awo ovuta aja sadaone.

Mwa alimi onse, amene ndinkawadziwa bwino anali a Filimoni Kadzuwa. Ubwenzi wawo ndi bambo anga udayambira ku migodi ya ku Joni, ndipo pamaliro a bambo ndi iwo adakhoma bokosi. Ankandiitana kuti Nambewe. Kuwerenga sankadziwa, koma chimene adamva kamodzi sichinkachoka. Akazi awo, a Nangozo, ankati, "Awa musawanamize, adzakukumbutsani patatha zaka khumi." Mwana wawo mmodzi yekha, Esinta, adakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo chaka chimenecho nkhondo ya kumeneko inali itafika poipa. Othawa ankafika tsiku ndi tsiku atasenza mitolo, koma Esinta sankaoneka.

A Kadzuwa anali m'gulu lofotokozeredwa pakamwa. Tsiku lobwererako ndidapita ndekha, Mayi Matemba atatsalira kwa amayi ena kumunsi kwa mudzi. Kunkazizira, ndiye tidakhala pakhonde poothera dzuwa. Ndidawaonetsa tepi, ndidaiyatsa, n'kuiika pamphasa pafupi ndi chikwama. Adabwereza phunziro lonse monga mmene ndidawauzira, ngakhale pamene ndidalakwitsa n'kubwerera. Mafunso atatha ndidaika kabolodi pansi, pensulo n'kuibaya m'tsitsi. A Nangozo adabwera ndi mbatata yootcha m'mbale. A Kadzuwa adawongola miyendo nati, "Basi, sukulu yatha."

Ndidawafunsa za Esinta, osati ngati wantchito koma ngati mwana wa pakhomopo. "Nanga za kumeneko mumazimva bwanji, bambo?"

Adayang'ana kunjira, natsitsa mawu. "Nambewe, wailesi yathuyi ndimaitsegula ndikafuna nyimbo ndi mauthenga a maliro. Ndikafuna kudziwa pamene nkhondo yafika, ndimapotokola mpaka ndipeze ya kunja, imene ndidaizolowera ku Joni. Yathuyi ikuti m'dziko muno mulibe njala, nkhokwe zadzaza. Nkhokwe yanga ndi iyo apo, pita ukasuzumire. Kaya akuluakuluwo akunamizidwa, kaya eniakewo ndiwo sakufuna kumva, ine sindidziwa. Koma masiku ano wofuna zoona amazifuna ngati mfiti, mobisala."

Ali pakati polankhula ndidaona kuti timagudumu ta kaseti tikuzungulirabe. Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti ndidaiwala kuzimitsa. Poyamba ndidaiwaladi. Koma nditaona, chala changa chinali pafupi ndi batani, ndipo sindidadine. Mumtima ndidati: ili ndiye yankho lenileni la funso la Mayi Matemba, palibe wina watiuza zotere, akadzamva adzandiyamikira. Ndidakoka chikwama pang'ono kuti chiphimbe tepiyo. A Kadzuwa adalankhula mpaka mbatata idatha m'mbale. Ndili m'njira pobwerera, ndidatulutsa kasetiyo n'kulembapo nambala 27, dzina lawo, ndi mudzi wawo. Ndinkafuna ndiyambe ndailemba bwino m'kope kuti Mayi Matemba ndikawapatse zokonzeka, koma makaseti a m'mbuyo anali ambiri, ndiye idadikira m'katoni pamodzi ndi inzake.

Lachisanu la sabata yomweyo Mayi Matemba adati tipite ku Lilongwe kukagula mabatire ndi mapepala. Katoni ya makaseti adati tiitenge, chifukwa chitseko cha kachipinda kathu loko wake anali wosadalirika. Tidanyamuka m'mawa pa kagalimoto kawo kakale, katoniyo ili pampando wakumbuyo. Titatulukira pamsewu waukulu pa Chimbiya, tidapeza atseka ndi migolo ndi mtengo wopingasa. Chifukwa cha nkhondo ija ankasecha galimoto iliyonse. Amayi ogulitsa tomato ndi kabichi adangokhala pamalo pawo, osathamangira magalimoto monga mwa masiku onse.

Wapolisi adaona makhadi athu, adawerenga kalata ya chilolezo, kenaka adaloza katoni. "Nyimbo zanji zimenezi?" Mayi Matemba adafotokoza. Iye adatola kaseti imodzi nati tiike mu tepi. Mudatuluka mawu a mayi wina akudandaula za mbozi m'chimanga. Wapolisiyo adaseka, adabweza kasetiyo, nakweza dzanja kuti achotse mtengo. Pamenepo munthu wina wovala jekete lakuda, amene adakhala pachitsa akudya nzimbe, adadzuka. Sadavale yunifomu. Adatenga kalata ija, adaiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Kalatayi ikunena za mafunso. Sikunena zojambula mawu a anthu. Tembenuzani galimoto, mutitsatire ku boma."

Adatikhazika pabenchi m'khonde la ofesi ina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuseri kwa chitseko tinkamva makaseti athu akulira, ina ikatha ina. Ndinkazindikira mawu a munthu aliyense, ndipo ndinkawerenga mumtima kuti afika pati. Mayi Matemba adandigwira bondo nanong'ona, "Musanjenjemere, Selina. Ndi za mbatata zokhazokha. Ndipo ngakhale wina adaphonya mawu, mulibe dzina la munthu."

Ndidati, "Mayi, mayina alimo."

"Mwati chiyani?"

"Ndinkalemba ndi pensulo. Manambala ankandisokoneza."

"Onse?"

"Onse."

Adachotsa magalasi nawagwira m'manja. "Alipo amene adanena zoti n'kumupweteka?"

Ndidawauza za a Kadzuwa, ndi kuti tepi idapitirira mafunso atatha. Sadandikalipire. Bwenzi zili bwino akadandimenya. Adangoti, "Mayo, bambo aja," nayang'ana pansi.

Atatiitana, patebulo panali kaseti imodzi yoikidwa payokha. Wa jekete uja adadina batani. Mawu a a Kadzuwa adadzaza chipindacho, pamodzi ndi nkhuku za pakhomo pawo ndi kutsokomola kwa a Nangozo. Ndidamvanso mawu anga, aang'ono, aulemu, akufunsa funso lija. Atazimitsa adandiyang'ana. "Mwini mawuwa ndani?" Ndidati sindikukumbuka, tidacheza ndi anthu ambiri. Iye adatulutsa kasetiyo, adaiyandikiza pawindo, nawerenga pang'onopang'ono zimene ndidalemba. Kenaka adati, "Dzanja lanu ndi labwino, mayi. Likuwerengeka."

Mayi Matemba adaimirira. "Kafukufukuyu ndi wanga, makinawo ndi anga, mtsikanayu ndimamutuma ine. Bambowo ndi mlimi chabe, mwana wawo ali kunkhondo, adalankhula ndi mtima wa kholo. Ngati pali mlandu, ndi wanga." Wa jekete uja adawauza kuti akhale pansi. Ine adanditulutsa dzuwa likulowa, nandichenjeza kuti zimene ndamva ndizisiye momwemo. Mayi Matemba adatsala.

Galimoto zopita kwathu zinali zitatha. Ndidagona kwa azakhali anga paboma pomwepo, ndipo kutacha ndidakwera lole ya matabwa mpaka pamphambano, n'kuthamanga njira yotsalayo ndikupemphera kuti ndiwapeze a Kadzuwa, athawire ngakhale m'phiri. Nditafika ndidaona matayala a galimoto atadinda pabwalo mpaka pakhonde penipeni. Nyemba zimene zidayanikidwa pamphasa zinali zitapondedwa. A Nangozo adakhala pansi atatsamira chipupa, anthu ataima patali, popanda woyandikira. Amuna awo anali atatengedwa kutangocha, ndi wailesi yomwe.

A Nangozo adandiyang'ana. Chibadwire changa ankanditi iwe. Tsiku limenelo adati, "Mwabwera kudzajambulanso?"

Kafukufuku adathera pomwepo. Makaseti sadabwerenso, ndipo makope anga onse ndi mapepala a mafunso adadzawatenga m'kachipinda kaja tsiku lotsatira. Mayi Matemba adatsekeredwa masabata angapo, kenaka ndidamva kuti ntchito yawo ya ku yunivesite yatha. Patapita miyezi ndidalandira kalata yopanda adiresi, ya mizere yowerengeka. Adati ali moyo. Adati cholakwa chachikulu ndi chawo, chifukwa adanyamula mawu a anthu pamsewu ngati katundu wamba. Adatinso ndisaleke kuwerenga. Sindidawaonenso, ndipo zimene alimi a kwathu adatiphunzitsa sizidalowe m'buku lililonse.

M'mudzi dzina langa lidasanduka kazitape. Ndikafika pachitsime nkhani zinkaduka. Kutchalitchi benchi yathu inkakhala ndi malo ngakhale pa Pasaka. Onse amene tidawajambula adakhala miyezi ndi mantha, galimoto ikalira kumsewu ena n'kulowa m'chimanga. Amayi anga sadandidzudzule. Tsiku lina lokha, tikupalira, adati, "Ndidakutuma ndine, mwana wanga. Ndinkayesa ntchito ya pensulo ilibe magazi." Kamodzi ndidanyamula bulangete ndi sopo kupita nazo ku ofesi ija. Wapakhomo adati dzina limenelo salidziwa, ndipo ngati ndikufuna kulowa, kulowa n'kosavuta.

Nthawi yokumba mbatata itafika, ndidatenga khasu n'kupita kumunda kwa a Kadzuwa, pakuti amuna a m'mudzi ankaopa kuoneka pamenepo. A Nangozo sadandithamangitse, sadandilonjerenso. Tinkakumba mzere umodzi, iwo kuchokera uko, ine kuchokera kuno, tikakumana pakati aliyense n'kutembenuka. Tidatero zaka ziwiri, pobzala ndi pokumba. Chaka chachiwiricho Esinta adafika ndi ana awiri, mwamuna wake atafera m'njira, napeza bambo ake kulibe. Kumene adawasunga palibe adatiuza, ndipo kukhoti sadapite nawo.

A Kadzuwa adawatulutsa mwadzidzidzi, monga mmene adawatengera. Apo n'kuti ine nditangoyamba ntchito yosamala mabuku pasukulu ina ya sekondale kutali ndi kwathu. Nditamva ndidapempha masiku awiri. Ndidawapeza pakhonde atafunda bulangete, miyendo itatupa, mano akutsogolo kulibe. Ndidagwada chapatali.

"Nambewe, sendera," adatero. "Wakula."

Ndidawauza zonse. Za dzina ankadziwa kale. Chimene sankadziwa, chimene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, n'chakuti ndidaona tepi ikuyenda ndipo ndidaiphimba dala. A Nangozo, amene ankasankha nyemba m'lichero, adaimitsa dzanja.

A Kadzuwa adakokera bulangete paphewa. Kenaka adati, "Kumeneko ankandiikira kaseti ija kawirikawiri, ati ndikane. Sindidakane. Mawuwo ndi anga, ndipo nkhokwe inalidi yopanda kanthu." Adapumira, pakuti mpweya unkawachepera. "Koma iwe udandibera, mwana wanga. Ukadanena kuti, bambo, makinawa akumvabe, mwina ndikadanenabe, pakuti ndine wouma mutu. Koma ndikadasankha ndekha. Zaka ziwirizi zikadakhala zanga."

Ndidalira nditazolika pamenepo. Iwo sadanene kuti ndakukhululukira, ndipo ine sindidapemphe kuti anene. Adangodikira mpaka ndidatonthola, nati, "Ndamva kuti munda unkalima. Bambo ako ankalimanso choncho, osayang'ana kumwamba." Adafunsa za ntchito yanga yatsopano, ngati ana amawerengadi mabukuwo. Adamwalira mvula ya chaka chimenecho isanagwe. Pamaliro a Nangozo adandipatsa ndowa nati, "Iwe, thamanga kumadzi, adzukulu akudikira." Ndidathamanga.

Ntchito ya m'nyumba ya mabuku ndidaigwira mpaka kupuma. Mmenemo ndidaona kuti munthu akamafuna kudziwa chinthu, amakhala waulula kale chimene chikumupweteka. Mtsikana wofuna buku la za mimba, mphunzitsi wofunsa za matenda amene sakufuna kuwatchula, mayi wamasiye wofuna kudziwa zimene lamulo likunena pa nyumba ya mwamuna wake: onsewa ankafika patebulo panga ndi mawu otsika, akuyang'ana kukhomo. Kamodzi ahedi adandiitana kuti ndiwapatse mayina a atsikana amene ankabwereka buku lina. Adati akufuna kuwathandiza, ndipo mwina ankanena zoona. Ine ndidati, "Bwana, afunseni eniake. Akafuna, akuuzani." Adandilembera kalata ya chenjezo, ndidailandira ndi manja awiri.

Chimene munthu wandiuza sichisanduka changa chifukwa choti chalowa m'khutu mwanga. Mwini wake ndi amene amadziwa kumene chiyenera kupita, ndipo ayenera kufunsidwa. Phunziro limeneli ndidaligwira bwino, sindidaphonyenso. Chimene chimandiwawa n'chakuti wophunzira ndinali ine, koma fizi adalipira munthu wina, amene sadafunsidwe n'komwe.